Mphindi Khumi ndi Zisanu za Effie

Lachinayi limenelo Effie Kamwendo anasita bulauzi yake yoyera kawiri. Sikuti inali ndi makwinya ayi. Manja ndiwo ankafuna chogwira. M'mawa kunali msonkhano wa amayi a chigwirizano ku Peckham, mu mzinda wa London, ndipo 3 koloko masana ankayembekezeka kwa abwana ake ku Ilford kuti akafotokoze mmene gogo Etta Weston anagwera n'kuthyoka fupa la m'chiuno.

Nkhani yake inali yaifupi. Ku nyumba yosungirako okalamba kumene Effie ankagwira ntchito kunali lamulo limene aliyense ankalidziwa ngati dzina lake: nkhalamba yosatha kuima yokha sainyamula munthu mmodzi. Makina onyamulira, amene onse ankangowatcha hoisiti, amafuna anthu awiri, wina wodina batani, wina wogwirira munthu amene akulendewera m'nsalu. Lachiwiri la sabata yathayo anthu awiriwo anali Effie ndi Jennifer Sakala, mnzake wa ku Lusaka amene ankapemphera naye mpingo umodzi.

Koma sabata imeneyo amayi a chigwirizano anali pa pemphero la unyolo. Anagawana tsiku m'zidutswa za mphindi khumi ndi zisanu, wina akati ameni mnzake n'kuyamba kulikonse kumene ali, kuti pemphero lisaduke. Mayi Chitsulo, a pampando, anali atanenetsa kuti unyolo umadukira pa mphete imodzi, ndiye ndani akanafuna kukhala mphete imeneyo? Chidutswa cha Effie chinali teni koloko m'mawa. Nthawi itakwana anauza Jennifer kuti adikire pang'ono, anauza gogo Etta kuti akubwera posachedwa, analowa m'kachipinda kochapira, n'kugwada pakati pa madengu a zofunda. Gogo Etta anali atanyowetsa pabedi ndipo ankalira ndi manyazi. Jennifer, munthu wa mtima wachifundo koma wa phuma, analephera kudikira. Effie anati ameni, anatsegula chitseko, n'kumva kukuwa.

Tsiku lomwelo Jennifer analemba pa fomu ya ngozi kuti onse awiri analipo, ndi kuti gogoyo anachita ukali, anamenya anthu, n'kupulumuka m'nsalu. Pansi pa fomuyo panatsala mzere umodzi wopanda kanthu, ndipo unkadikira dzina la Effie.

Mantha ake anali ndi chifukwa. Iye ndi Jennifer anabwera ku Mangalande pa chilolezo cha ntchito cholembedwa dzina la nyumba imeneyo, moti ntchito ikatha, mapepala athanso. Effie anali atatsala ndi chaka chimodzi kuti apatsidwe mapepala okhalitsa. Mwamuna wake Biswick ndi mwana wawo Junior ankakhala m'dzikomo pa chidindo cha iye.

Amayiwo ankasonkhana m'chipinda cha pamwamba pa shopu ina ya mu Rye Lane, yogulitsa nsomba zouma ndi makhadi oimbira foni kumudzi. Fungo la nsombazo linkakwera nawo masitepe, ndipo palibe pemphero limene linalichotsapo. Tsikulo analipo khumi ndi awiri, onse m'masiketi akuda, mabulauzi oyera ndi maduku oyera, ena maso ofiira chifukwa chochokera ku ntchito molunjika. Jennifer anakhala pakona, mutu uli pansi.

Mayi Chitsulo sanali munthu woipa, ndipo zimenezi zinenedwe. Anafika ku London anzawo onsewa asanalote n'komwe za ndege, ndipo ndiwo ankakuchingamira ku eyapoti ndi jekete la m'nyengo yozizira, kukupezera chipinda, kukulembera kalata ya ntchito. Theka la amayiwo anadyapo m'manja mwawo. Vuto lawo linali limodzi: anazolowera kukonzera anthu zinthu mpaka anayamba kumukonzeranso Mulungu.

Itatha nyimbo yoyamba anaimirira.

"Amayi, lero tili ndi ana athu awiri amene akukalowa m'dzenje la mikango. Mwamva kale, sindibwereza. Amake Junior, Jennifer, bwerani pakati."

Awiriwo anagwada pa kapeti, ndipo manja makumi awiri anawatsikira pamitu ndi pamapewa. Mayi Chitsulo anapemphera mwamphamvu, ndi mawu awo aja ogwedeza mawindo. Anapempha kuti pakamwa pa ofunsa patsekeke, kuti maso a ofufuza achite khungu, kuti fomu ija ilandiridwe popanda funso, kuti mdani asapeze pogwira. Amayi ankavomereza ameni pa chiganizo chilichonse. Effie anatchera khutu kudikira dzina limodzi. Pemphero linatha dzina la gogo Etta lisanamveke.

Anthu akumwa tiyi, Mayi Chitsulo anamukokera pawindo.

"Ndamva kuti simunasaine."

"Sindinasaine, amayi."

"Mukudikira chiyani?"

"Zimene zalembedwazo si zimene zinachitika." Effie analankhula motsitsa, akuyang'ana mabasi ofiira akudutsa pansipo. "Gogo uja sanamenyepo munthu. Akalemba kuti ndi waukali, akachira akawasamutsira ku chipinda cham'mwamba kotsekedwa kuja, azikawapatsa mapilisi ogonetsa. Ndinaonapo ena akupita kumeneko."

"Munthu wa zaka eyite-seveni, mwana wanga. Pansi kapena pamwamba, bedi ndi bedi." Mayi Chitsulo anapuma. "Simunawerenge za azamba aja a ku Igupto? Mfumu inawafunsa, iwo anaiuza zina, ndipo Mulungu sanawalange. Anawadalitsa. Pali bodza lopha, pali bodza lopulumutsa. Jennifer ali ndi ana atatu kwawo, alibe mwamuna. Inu muli ndi banja lanu. Ndiye taganizani, mukakanena kuti munasiya wodwala chifukwa cha pemphero, azungu awa akati chiyani? Mawa m'ma care home onse, nyumba zosungira okalambazi, azidzati anthu akuda opemphera musawalembe ntchito. Dzina limene lidzanyozeke si lanu lokha. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka."

Kwa Effie mawuwo anali ndi nzeru, ndipo n'chifukwa chake ankamuwawa.

"Ndipo musavule yunifomu," anatero Mayi Chitsulo, akumukonza kolala ndi zala ziwiri. "Mupite choncho. Mzungu akaona mayi wa tchalitchi atavala zoyera, safunsa kawiri. Ndawagwirira ntchito zaka makumi awiri, ndimawadziwa."

Effie ndi Jennifer anakwera basi ya ku Liverpool Street osalankhulana, kenako sitima ya ku Ilford. Kunja kunali kwa Novembala, kotuwa, kamvula kosatha kaja kakuwaza mawindo. Atadutsa Stratford, Jennifer analephera kupirira, n'kuyamba kulankhula m'Chinyanja chake cha ku Lusaka.

"Ba Effie, muniuze chabe. Muzasaina?"

"Sindikudziwa, Jennifer."

"Simuziba bwanji? Ine ninakamba kale kuli manager kuti tenze babili. Manje imwe mukakamba vinangu, ine nasila, zanga zatha." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Nenze nabamvela chifundo. Benze kulila, bananiuza ati please, please, niko wet. Ningabasiye bwanji? Imwe munakamba ati fifteen minutes. Muziba fifteen minutes kuli muntu wamene agona mu mikozo?"

Panalibe chipongwe m'funsolo, koma linamulasa Effie kuposa mawu onse a Mayi Chitsulo. Sabata yonse ankadziuza kuti wolakwa ndi amene anagwira makina yekha. Tsopano anayang'ana mnzakeyo, zala zake zouma ndi sopo wa kuntchito, ndipo anachita manyazi. Anakumbukira fanizo lija la munthu wovulazidwa m'mbali mwa msewu, limene iye mwini anaphunzitsapo ana ku Sande sukulu. Nthawi zonse ankadabwa kuti wansembe uja anali ndi mtima wotani. Sanaganizepo kuti mwina munthuyo ankangothamangira nthawi ya mapemphero, kuopa kudula unyolo.

Anayesa kupemphera chamumtima, koma mawu sanabwere. Apemphe chiyani? Kuti bodza liyende bwino? Kuti choonadi chisapweteke munthu? Anaganiza za azamba aja. Iwo ananama kuti ateteze makanda osatha kudzilankhulira. Pa nkhani iyi, amene sankatha kudzilankhulira anali mmodzi yekha, ndipo anali m'chipatala ndi chitsulo m'chiuno. Koma anaganizanso za Junior, amene Chichewa ankangochimva, kuyankha n'Chingerezi, ndi za Biswick amene m'mawa uja anangoti, "Uchite zimene ukuona, koma ukumbukire kuti tilipo." Sitima inaima pa Ilford mtima wake usanaime paliponse.

Mu ofesi munali anthu awiri. Mayi Christine Morton, manejala wa nyumbayo, anali atayala mapepala patebulo. Pambali panakhala bambo wina wa imvi, wamtali, chipewa chili pa bondo. Anali Maurice Weston, mwana wa gogo Etta, amene ankabwera Lamlungu lililonse ndi maluwa ndi nyuzipepala imene amayi ake sankathanso kuwerenga. Jennifer anauzidwa kuti adikire panja.

Mayi Morton atakweza maso n'kuona zoyerazo, nkhope yawo inafewa.

"Mwachokera ku tchalitchi, Effie? Mwatchena. Khalani, sitichedwa. Tangofuna mutsimikize zimene mnzanu analemba, musaine, basi. Bambo Weston apempha kuti akhalepo."

Ndiye Mayi Chitsulo sananame. Yunifomu inali itagwira kale ntchito yake Effie asanatsegule pakamwa. Anaiyang'ana bulauziyo pachifuwa pake, yositidwa kawiri. Anaivala koyamba ku Ntcheu zaka khumi ndi zinayi zapitazo, atagwada kutsogolo kwa mpingo wonse, ndipo amene anamumanga duku tsiku limenelo anali amayi ake omubala. Analonjeza zoyendera odwala, zotonthoza olira, zosunga lilime. Lero anaitenga ngati chikwangwani chophimbira dzenje.

Mayi Morton anamukankhira fomu ndi cholembera.

"Kunena zoona, zinatidabwitsa tonse. Mayi Weston sanavutepo. Koma matenda a ukalamba amatero, munthu amasintha tsiku limodzi. Dokotala wati akatuluka m'chipatala tiwasamutsire m'mwamba."

"Amayi anga sanakwezepo dzanja pa munthu," anatero Bambo Weston, osakweza mawu. "Ngakhale pa ine, ndipo ndinali mwana wovuta. Ndawafunsa kuchipatala, sakukumbuka kanthu. Akungoti anachita mantha. Koma iwo amakukondani inu, amati ndinu amene mumawaimbira powasambitsa. Mukandiuza inu kuti anamenya, ndikhulupirira."

Effie anatenga cholembera. M'chipindamo munali zii, kupatula wailesi ya kanema imene inkamveka chapatali m'chipinda chochezera nkhalamba. Anaika nsonga ya cholembera pa mzere uja. Kunali kungolemba mawu awiri, dzina ndi chiwongo, monga ankachitira kambirimbiri pa tsiku.

Anachiika pansi cholemberacho.

"Sindinalimo m'chipindamo."

Mayi Morton anaphethira. "Mwati bwanji?"

"Sindinalimo. Ndinamuuza Jennifer kuti andidikire, ine n'kutuluka. Mayi Weston anali atanyowa, ankalira, Jennifer anawamvera chisoni n'kuyesa yekha. Sanamenye munthu. Sindinaone ndi maso, koma ndikudziwa, ndipo Jennifer akudziwa. Analemba zija chifukwa cha mantha, komanso pofuna kunditchinga ine. Amene anachoka pa ntchito yake ndine."

Kufewa kuja kunachoka pankhope ya Mayi Morton. Anakoka fomu, n'kutsegula tsamba latsopano m'kope lawo.

"Munapita kuti?"

"M'chipinda chochapira."

"Kukatani?"

Kunena kuti anapita kuchimbudzi kukanakhala kosavuta, ndipo dzina la mpingo likanatsala loyera.

"Kukapemphera."

"Kukapemphera," anabwereza Mayi Morton, akulemba. "Pa nthawi ya ntchito. Mphindi zingati?"

"Khumi ndi zisanu."

"Mukudziwa kuti izi ndiyenera kuzipereka ku likulu ndi ku boma? Mukudziwa tanthauzo lake pa ntchito yanu, ndi pa mapepala anu?"

"Ndikudziwa."

Bambo Weston anali asanasunthe. Anayang'ana chipewa chawo nthawi yaitali, kenako anayang'ana Effie. M'maso mwawo munali mkwiyo, ndipo Effie sanawadandaule nawo.

"Ine sindine munthu wa tchalitchi," anatero. "Ndiye mundithandize kumvetsa. Chinali chiyani chofunika chotero, chimene sichikanadikira kuti amayi anga avale zouma? Munkapempherera chiyani?"

Funso limeneli palibe anamufunsapo, ngakhale Biswick, ngakhale iye mwini. Yankho linamufikira lonse nthawi imodzi.

"Amayi anga," anatero. "Ali kumudzi, ku Malawi. Anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha. Satha kutembenuka okha. Ndinkapempha Mulungu kuti akafuna kudzuka, pazikhala munthu pafupi wowagwira."

Cholembera cha Mayi Morton chinaima. Bambo Weston anatembenukira kuwindo. Palibe amene ananena kuti zilibe kanthu, chifukwa zinali ndi kanthu.

Zotsala zinayenda mwa lamulo. Anamuimitsa ntchito kufikira likulu litagamula, anamulanda baji ndi makiyi a kabati ya mankhwala. Mayi Morton anajambula mzere pa mawu aja akuti anachita ukali, n'kulemba deti pambali. Effie akutuluka, Bambo Weston analankhula osamuyang'ana.

"Amayi ali mu wodi ya chisanu ndi chimodzi. Amalola alendo mpaka 6 koloko. Sindikuti ndakukhululukirani. Koma akhala akukufunsani."

Jennifer anali pa mpando wa m'khonde. Anangoona pachifuwa pa Effie popanda baji, n'kudziwa zonse.

"Mwanipaya, ba Effie. Mwanipha."

"Ndawauza kuti wochoka ndine. Ndawauza kuti inu munachita chifundo."

"Chifundo chizadyesa bana banga?"

Chitseko chinatseguka, Mayi Morton anaitana dzina la Jennifer. Iye anaimirira, anakonza duku lake, n'kudutsa osamukhudza Effie.

Panja kamvula kanali kakadagwa. Foni inanjenjemera m'chikwama, ndipo unali uthenga wa Mayi Chitsulo wonena kuti amayi onse akadali m'mapemphero, chigonjetso n'chawo. Effie anauwerenga n'kubweza foni. Anadziwa kuti pofika madzulo nkhani ikhala itazungulira Peckham yense, ndi kuti Lachinayi likubweralo mwina sipadzapezeka womusunthira pa benchi. Ankaopa kukamuuza Biswick. Ankaopa kalata ya boma imene idzabwere m'envelopu ya bulauni. Mtendere umene alaliki amalonjeza munthu akanena zoona iye sanaumve. Anangomva kuzizidwa ndi njala.

Pa siteji panaima mabasi awiri, ina yopita kwawo, ina yodutsa kuchipatala. Linali Lachinayi, tsiku limene amayi a chigwirizano amayendera odwala, ndipo yunifomu anali atavala kale. Anakwera yachiwiriyo.

Gogo Etta anaoneka ochepa kwambiri pa bedi la chipatala, tsitsi lawo loyera litamwazika pa pilo. Anatsegula maso, anayang'ana duku, kenako nkhope, ndipo anamwetulira ngati mwana.

"Ndiwe, Effie? Unati ukubwera posachedwa."

Zambiri anali ataiwala, koma zimenezo ayi. Effie anakoka mpando n'kuwagwira dzanja, lopepuka ndi lozizira.

"Ndinachedwa, amayi. Mundikhululukire."

"Wafika tsopano," anatero gogoyo, maso akutsekeka. "Usachokenso mpaka abwere wina."

Effie anakhala pomwepo. Nthawi ya alendo itatha, namwino anabwera kudzamukumbutsa, ndipo iye anapempha kuti adikire kufikira wosamalira wa madzulo atafika pabedipo. Namwinoyo anayang'ana wotchi, anayang'ana manja awiriwo, n'kumusiya.